Phiri la Chipale la a Msiska

Lolemba, 8 Julaye

Kukuzizira. Nkhungu yatsika kuchokera ku Nyika ndipo sikuoneka kuti ili ndi maganizo obwerera.

Loweruka abale a amuna anga akubwera kudzagawa katundu wa malemu. Mwambo wake kuno ndi umenewo: chilichonse chimene chinali chawo chimatuluka panja, pamphasa, aliyense atengeko kowakumbukira. Kwathu ku Ntcheu tikanachita mwina, koma sindili ku Ntcheu, ndili ku Nchenachena, ndipo ndakalambira kuno.

Masuti atenge. Nsapato, njinga, wailesi, ndodo ya ueldala, atenge. Ine ndikungofuna phiri.

Phirilo lili patebulo la pabalaza. Wongani, mwana wathu wa ku Ireland, anatumiza katoni bambo ake atadwala sitiroko, poti adokotala anati zala zizigwira ntchito. Timanjerwa ta pulasitiki tolumikizana, toyera ndi tabuluu. Pakatoni pali chithunzi: phiri la chipale chofewa, potsetserekera, kanyumba ka madzi oundana, chidole cha mphuno ya karoti, ndi mbalame yakuda ya chifuwa choyera yoima njo ngati abusa pa tsiku la mgonero. Palinso kamunthu ka mabatire, kochokera m'masewera a pa TV aja ana amasewera ndi zala. Akuti ukakayendetsa paphiripo kamalankhula.

A Msiska poyamba anakana. "Ine, eldala wa mpingo, ndizisewera ndi zidole?" Sabata isanathe anali akukalipira aliyense wogwedeza tebulo. Anamanga theka, dzanja likunjenjemera, lilime lili panja. Theka linalo likadali m'timapepala.

Nzeru yanga ndi iyi: ndimalize ndekha Loweruka lisanafike. Ndikatero ndidzaimirira n'kunena kuti theka ndi la malemu, theka ndi langa, ndipo phiri siligawika. Alamu a Yotamu, mng'ono wawo wa a Msiska, anali kalaliki wa kukhoti. Mfundo amaimva.

Kungopempha? Ayi. Mayi wamasiye, mphunzitsi wopuma ntchito, kulirira chidole pamaso pa mtundu wonse! Bola mfundo.

Zofunika:
magalasi (apezeka, anali m'Baibulo)
mabatire (anapita mutochi tsiku la maliro)
kabuku ka malangizo
mtendere

Kabuku mulibe. Ndakhuthula katoni, ndaigwedeza, ndasuzumira. A Msiska ankaonera pafoni yawo, ndipo foniyo ili ndi alamu ku Bolero chichokereni pamaliro.

Ndawerenga mabuku ambiri momwe anthu amasochera m'chipale, ena kufera momwemo ndi akavalo awo. Palibe ngakhale limodzi linandichenjeza kuti chipale chimabwera m'timapepala ta manambala.

Lachiwiri, 9 Julaye

Wongani waimba. "Amama, malangizo ali mu pulogalamu, mungoitsitsa pafoni yanu. Kapena zisiyeni, ndidzagula lina."

Lina!

Kuti munthu atsitse chinthu pafoni kuno, ayenera kukwera pachulu cha kuseri kwa bwalo la sukulu n'kuimika dzanja m'mwamba. Ine sindikuloledwa kutuluka pakhomo mpaka Loweruka lidutse. Ndipo ngakhale akanandilola, tangoganizani: namfedwa, nsalu yakuda, pachulu, foni kuloza kumwamba. Anthu angati ndikuwaimbira malemu.

Ndatuma NyaKumwenda, mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, woimba kwaya. Ndamulembera dzina la pulogalamu padzanja. Wapita m'mawa, wabwera dzuwa litapendeka, nkhope ili mwee. "Zija munanena zimafunsa mafunso ambiri, anyina Wongani. Koma tamverani alto uyu!"

Watsitsa makwaya okhaokha. Bandulo yatha. Alto ndi wabwinodi.

Basi, ndimanga poonera chithunzi cha pakatoni. Ndinaphunzitsa ana a anthu zaka zambiri kuti chithunzi chimanena zonse kwa woyang'anitsitsa. Ndikupepesa kwa onsewo.

Zimene zatheka lero:
khoma limodzi la kanyumba
mbalame, koma ikuyang'ana kumsana kwake
chikhadabo chathyoka

Potsetserekera panga pakukwera m'malo motsika. Kanyumba kakufanana ndi chimbudzi cha kusukulu chisanafoleredwe. Mbali ya a Msiska ili phee pambali pake, yowongoka, kanjerwa kalikonse pamalo pake. Ankatero ndi mizere ya chimanga yomwe.

Opepesa maliro akubwerabe. Ndikangomva "odi" ndikuphimba tebulo ndi nsalu ya maluwa n'kuthamangira pamphasa. Abambo awiri a mpingo akhala nthawi yaitali lero, akulankhula za chiyembekezo cha kuuka kwa akufa, maso ali pansalu ija. Ndikukhulupirira amayesa muli mandasi.

Lachitatu, 10 Julaye

Mabatire apezeka, m'kamakina kawo koyezera BP. Ndisanawachotse ndadina batani mwangozi, ndipo kaonetsa manambala awo omaliza. Ndakhala pansi pang'ono.

Kenako ndadzuka, poti Loweruka silikhala pansi.

Kamunthu kayaka! Maso ake ndi timagalasi towala, amaphethira. Pachifuwa pali ka TV kakang'ono. Kandipatsa moni m'chizungu, mawu onga a munthu amene sanamvepo za maliro.

Kamaona mtundu wa chinthu chimene kapondapo. Ndayesa:
pa kanjerwa kabuluu: kakumira, kakupuma befu
pa kanjerwa koyera ka zilembo: kakunjenjemera, mano gwegwegwe
pamutu pa mbalame: kalira ngwee ngwee, kakondwa kwambiri
pa tomato: kakuwa ngati kapsa
pa nsalu yanga yakuda: chete, kangophethira

Ulemu kali nawo.

Ndaseweretsa nthawi, sindinamange kanthu. Ndipo ndili mkati mokamiza kachiwiri, ndamva nyimbo kumsewu. Amayi a kutchalitchi, gulu lonse, tsiku lawo lodzandichezera! Nsalu patebulo. Kamunthu ndakaponya kuchipinda, pabedi, chagada. Kuzimitsa ndaiwala.

Taimba. Tawerenga mawu. Amayi apampando ayamba pemphero lalitali, lokoma, lopempha kuti Ambuye akhale mwamuna wa amasiye. Apuma pang'ono kuti mawuwo alowe.

Nyumba yathu ilibe siling'i.

Kuchipinda kwamveka mkonono. Wofatsa, wokhutira, wa munthu wamwamuna amene wadya bwino.

Palibe anandiuza kuti ukakagoneka kamagonadi!

Pemphero lathera panjira, lopanda ameni. Amayi apampando atsegula diso limodzi. "Ninjani uyo?"

Ndati ndi chidole. Ati, "Ehe." Ndakhala m'dziko lino nthawi yokwanira kudziwa ehe wa mtundu umenewo.

Ndathamanga kukakatenga. Koma kungokanyamula kadzuka, kakumwetulira, kakupereka moni kwa amayi. Ndakagoneka pamphasa, ndati dikirani, kaliza mkonono pompano. Kangoti maso tong'o. Tadikira. Wina watsokomola. Amayi apampando ayang'ana chitseko cha kuchipinda, ayang'ana ine, ati kunja kukuda, njira njoterera.

Tiyi watsala yense. NyaKumwenda yekha wandifinya dzanja potuluka n'kunong'ona kuti, "Ine sindiweruza munthu."

Lachinayi, 11 Julaye

Msewu wathu galimoto imatha tsiku osafika, koma nkhani yatsika usiku umodzi. Akuti ku Njakwa ikumveka kuti ndi mwamuna wa kwathu ku Ntcheu. Kunyanja ikumveka kuti ndi a Msiska eni ake, abwerera.

Nthawi ya kadzutsa njinga yamoto yaima pakhomo. Alamu a Yotamu, ndi mlongo wawo NyaMsiska kumbuyo, atakumbatira chikwama ndi nkhuku. "Tangoti tifikiretu, mulamu, tithandize zokonzekera."

Alamu apempha kuona nsapato za malemu. Aziona bwinobwino: pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, m'kabati, ngakhale pawindo.

Ndatulutsa kamunthu. Ndakagoneka chagada patebulo. Takhala mozungulira, kalaliki wa kukhoti, mlongo wake ndi ine, manja pamiyendo, ngati tikudikira wodwala atsirizike. Nkhuku nayo chete. Maso aja atsinzina pang'onopang'ono. Kenako mkonono.

Alamu avula magalasi. "Mlandu watha."

NyaMsiska waseka mpaka kugwira khoma. Akuti mkonono wa achimwene ake unali woposa pamenepo, ankathawitsa mbuzi ali mnyamata. Zoona. Ndatsala pang'ono kuseka nawo.

Ndimayesa zathera pomwepo. Ayi. Alamu afunsa kuti kamachitanso chiyani. Ndawaonetsa za mbalame. Ndalakwitsa.

Tsiku lonse bambo wa imvi, tayi pakhosi, akudumphitsa kamunthu paphiri. Ngwee ngwee! "Mwaona, mulamu? Kapata zinandi, zambirimbiri!" Aitanidwa kukadya, ayankha kuti akubwera. Aitanidwanso. Akuti akufuna aone ngati kangatsetsereke chafutambuyo.

Katsetsereka. Potsetserekera panga pagumuka, patenga khoma la kanyumba, mbalame yagwera pansi mutu kwina thupi kwina.

Alamu aima, agwira pachifuwa. "Pepani chomene, mulamu. Koma taonani kusiyana kwake. Mbali iyi akulu anga anamanga ali ndi mphamvu. Iyi yagwayi, apa matenda anali atakula. Mutu unali utayamba kusokonezeka." Apukuta misozi ndi hanki.

Apa ndi pamene ndikanati, alamu, mbali imeneyo ndamanga ndine, dzana lomweli, mutu uli bwinobwino.

Ndati, "Inde, alamu."

Mfundo yanga yonse inali pa theka langa. Tsopano theka langa ndi umboni wa matenda a malemu.

Lachisanu, 12 Julaye

Nyumba yadzaza. A ku Nkhamanga afika palole ndi matumba a mtedza. Akunyanja abwera ndi usipa, nyumba yonse yadziwa. Ana paliponse. Wina wagona m'katoni.

Ndadzuka molawirira kuti ndimangenso, ndapeza patebulo pakusendedwa anyezi.

Zinthu za malemu zimayenera kuchapidwa zisanagawidwe. Izi ndikuzidziwa. Ndimaganiza za malaya ndi mabulangete. Sindinaganize kuti NyaMsiska, munthu wosasiya ntchito theka, angayang'ane phiri la chipale n'kuona fumbi.

Ndamupeza kuseri, beseni pakati pa miyendo, thovu mpaka m'zigongono. Timapepala tonse tatsegulidwa. Manambala amene ankasonyeza kuti ichi chitsatane ndi ichi ali pamoto, akufunditsa madzi.

Zanga zonse zasungunuka m'beseni ngati chigumu. Koma mbali ya a Msiska waimiza yathunthu, waitsuka ndi burashi ya nsapato, waitsukuluza, ndipo sipanagwe ngakhale kanjerwa kamodzi. Dzanja lonjenjemera lija! Ndaiyang'ana ikudontha madzi padzuwa, ndalowa m'nyumba msanga.

Timanjerwa tayanikidwa pamphasa ngati mphale. Nkhuku zakhulupirira. Tambala wathawa ndi mphuno ya karoti, ana akumuthamangitsa kuzungulira nkhokwe, akulu akuwalangiza njira. Mphuno sinapezeke. Tambala akuoneka woganiza.

Mayi wina wa kunyanja wandifunsa ngati toyerato amaika m'mano.

Kamunthu kali m'thumba la jekete la alamu. Akuti akukasunga ana angakaononge.

Kumanga kwalephereka, ndavomera. Koma mbali yawo ilipo, yoyera kuposa kale, ili pawindo ikuuma. Mawa ndingopempha. Mawu ndakonza, afupiafupi: "Abale anga, zonse tengani, ichi chokha ndisiyireni." Ndawayeserera kubafa. Akutuluka bwino.

Loweruka, 13 Julaye

Mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala. Abusa apemphera. Alamu aima ndi ndodo yolozera.

Masuti ayenda bwino. Nsapato zavuta pang'ono, poti a Msiska anali ndi phazi lalikulu ndipo mtundu wonse lero wapezeka kuti uli ndi phazi lalikulu. Njinga ku Nkhamanga. Wailesi kunyanja. Bulangete kwa ankhazi, mlongo wa apongozi anga aamuna, amene analera a Msiska mayi awo atamwalira. Ndi okalamba kwambiri, abwera atawagwira mbali zonse.

Kenako phiri, ndi beseni la timanjerwa pambali pake.

A ku Nkhamanga ati lipite kwawo, kuli adzukulu ambiri. Akunyanja ati a ku Nkhamanga atenga kale njinga, ndipo ana akunyanja sanaonepo kuzizira. Mawu ayamba kukwera. Wina wakumbutsa za ng'ombe ya kalekale.

Alamu akweza ndodo. "Chinthu chimodzi, nyumba zambiri. Koma akulu anga anali munthu wa mtendere, anatisiyira chinthu chogawika." Anthu aomba m'manja. Kenako atembenukira kwa ine. "Mulamu, muli ndi mawu?"

Maso onse. Amayi apampando ali kutsogolo. Ana akhala kale pamzere, manja ali tambasu.

Ndati, "Yewo."

Yewo! Zikomo basi! Mabuku onse aja!

NyaMsiska wabweretsa kapu ya tiyi. Kapu imodzi nyumba imodzi, yosefukira ayi, wakhala akusalaza ndi chala ngati akugulitsa nyemba. Za m'beseni zitatha, afika paphiri. Lakana. Agwira amuna awiri, wina uku wina uku, lakana. Abweretsa mpeni. Limati thwa, thwa, pang'onopang'ono. Ine ndimayang'ana mapeyala.

Kapu yanga andipatsa poyamba, mwaulemu, ndi manja awiri. Ndaipereka kwa mwana amene anali pafupi. Sindimafuna kapu.

Kamunthu sikanafike pamphasa. Palibe wafunsa.

Lole itanyamuka, NyaMsiska wandipeza kukhitchini ndili chikhalire. "Bwanji simukudya?" Ndamuuza. Zonse, ndi za theka langa zomwe.

Wadzimenya pantchafu. "Mwawanthu imwe! Bwanji osanena? Ife timati chikukupwetekani mtima, n'chifukwa mumachiphimba ndi nsalu! Tinapangana kuti chichoke msanga musamachione!"

Wathamangira kumsewu, chitenje m'manja. Lole inali itapita kale, fumbi lokha.

Lamulungu, 14 Julaye

Koyamba kupita kutchalitchi chichitikireni maliro. Benchi lathu lomwe lija. Ndakhala pakati kuti mpata usaoneke.

Zolengeza: kalasi ya ubatizo, malata a nyumba ya abusa, mbuzi ya wina ikudya maluwa a kumanda. Kenako mlembi wati mlendo wochokera ku Bolero ali ndi mawu. Alamu apita kutsogolo, amanga batani la jekete, atulutsa mawu awo a kukhoti.

"Abale ndi alongo, dzulo pagawidwa chipale cha malemu a Msiska molakwika. Onse amene munalandira chipale, kaya choyera kaya chabuluu, mubweze kwa namfedwa tikangotuluka. Amene mwana wake wameza, aonane nane."

Abusa akugwedeza mutu mwachifundo.

Kuseka kunandigwira. Ndaphimba nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka, sindikutha kuleka. A Msiska akanakhala pambali panga akanaluma buku la nyimbo. Amayi andizungulira, wina wandikumbatira, amayi apampando akundisisita kumsana: "Lirani, anyina Wongani, lirani zituluke." Ndawasiya aganize choncho. Ndipo penapake pakati, sindikudziwa pati, zinasanduka zoona.

Titatuluka ndaima pakhomo la tchalitchi ndi mbale ya ndiwo imene NyaMsiska anabwera nayo. Zambiri zili kutali, ku Nkhamanga, ku Njakwa, kunyanja. Apafupi okha ndi amene abweza, ana akukokedwa padzanja, milomo ili tuu.

Zabwera:
timanjerwa tosadzaza mbale, tina totafunidwa
mutu wa mbalame
chitsekerero cha botolo
batani la malaya, loyera, mwini wake akuti mwina ndi lathu

Alamu akuti kamunthu anakaiwala m'jekete ina. Thumba lawo likuwala.

Kenako alamu agwada pamaso pa ankhazi, amene akhala pamwala akuwotha dzuwa. Timanjerwa tawo anamanga pamfundo ya chitenje, pamene amasungapo fodya. Alamu awafotokozera mokweza, khutu ili kenako khutu linalo. Ankhazi afumbata mfundo ija ndi manja onse awiri.

"Ivi ni vya mwana wane. Wakavikora na mawoko ghake."

Za mwana wawo. Anazigwira ndi manja ake.

Ndati, alamu, asiyeni. Ndayang'ana mbale, ndayang'ana ana aja, ndawaitana kuti aliyense atengenso zake. Alimbirana ngati maswiti. Mutu wa mbalame palibe waufuna, uli m'chikwama changa.

Ndikuwatsanzika, ankhazi andikoka nsalu kuti ndiwerame. Afunsa monong'ona kuti kodi kwenikweni zinthuzi n'chiyani. Ndati ndi chipale, ankhazi, cha kumaiko ozizira. Sichidyedwa, sichibzalidwa, amangomanga n'kumayang'ana.

Aganiza kaye. Kenako ati mwana ameneyu chiyambire ali wamng'ono ankakonda zinthu zopanda ntchito. Amangitsa mfundo yawo ndi mano.

Ndabwerera ndi mbale yopanda kanthu. Khofi wa kuseri wafiira, wina wayamba kugwa yekha. Mawa ndikathyole.